Kwathu Nkuti?

Pali mau ena amene munthu amawalankhula kamodzi kokha, koma nkukhala akuwasenza moyo wake wonse. Athu tidawalankhula mu 2009, pa khonde la nyumba ya amayi athu m'mudzi wina wa kufupi ndi Nsaru. Tidali ndi zaka 19, ndipo anthu adali atayamba kale kutipatsa ulemu chifukwa tinkaphunzira za unsembe. Mng'ono wathu wa zaka 9 adatenga njinga yathu osapempha, nakaigwetsera m'ngalande mpaka foloko kupindika. Mkwiyo utatikwera tidati: "Ana otola ndi choncho, sadziwa kusamala za eni ake." Mwanayo sadalire. Adangotiyang'ana, kenaka adatembenukira kwa amayi amene ankapeta mphale pafupi pomwepo, ndipo lichero lidaima m'manja mwao. Tsiku limenelo ndi pamene iye adadziwa chinthu chimene mudzi wonse unkadziwa kupatula iye yekha.

Amene adali ndi nzeru kale mu 2002 akukumbuka njala ya chaka chimenecho. M'miyezi ya Januwale, Febuluwale ndi Malichi anthu ankadya madeya ndi zitsa za nthochi, chimanga chinkabedwa m'munda chisanakhwime, ndipo kumapeto kwa Febuluwale boma lidalengeza kuti dziko lili pa ngozi. M'masiku amenewo kudafika mayi wina pakhomo pathu, mwana ali kumbuyo, akufuna ganyu woti alandirepo mbale ya madeya. Adati kwao ndi cha ku Nambuma. Adabandira m'munda mwathu masiku awiri, tsiku lachitatu adalephera kudzuka, ndipo sabata isanathe adatisiya. Amfumu adapereka malo kumalire kwa manda, kumene amaika alendo. Uthenga udatumizidwa kwao, ndipo patapita masiku kudabwera bambo wina wokalamba, woonda ngati bango, amene adati ndi atsibweni a malemuyo. Adaona mtumbira, adaona mwana, napempha amayi athu kuti amsunge kufikira anthu atakolola. Anthu adakolola chaka chimenecho, nakololanso chaka chinacho, koma bambo uja sadabwerenso.

Amayi athu adamlera mwanayo monga momwe adatilerera ife, mwinanso kuposa. Adagona naye pa mphasa imodzi, adamphikira phala ndi ufa wotsiriza wa m'nyumba, adapita naye ku sikelo, ndipo nthawi itakwana adamlembetsa sukulu pa dzina la bambo athu. Ana tonse adatisonkhanitsa natilamula kuti wina asadzayerekeze kumuuza. Sadachite zimenezi chifukwa cha kuuma mtima ai. Ankaopa kuti mwana akadziwa adzayamba kudziona ngati mlendo pa mbale ya nsima, ndipo, monga adadzaululira patapita zaka, ankaopanso kuti tsiku lina adzanyamuka ndi kuwasiya. Makolo athu adatisiyira miyambi iwiri imene imakokana ngati ng'ombe zosazolowerana pa goli. Umodzi umati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Unzake umati mwana wa mwini ndi gaga, saundika. M'nyumba zambiri zimene zikulera mwana wa wina miyambi iwiriyi ilimo yonse. Woyambawo umanenedwa masana pamaso pa anthu, ndipo wachiwiriwo umabwera usiku tulo tikasowa.

Chimene chidatiopsa pambuyo pa tsiku lija nchakuti mng'ono wathu sadafunse funso ngakhale limodzi. Adangosanduka mwana womvera kopitirira muyeso. Adaleka kulimbirana nafe mnofu wa nkhuku. Pa nsima ankadikira kuti ena ayambe kutapa ndiwo. Kabudula akang'ambika sankanena, ankangosoka yekha. Anthu ankamtama kuti ndi mwana waulemu, koma ife amene tidamdziwa asanamve mau aja tinkaona kuti uwu udali ulemu wa munthu amene akulipira ngongole.

Chilonda chimenechi tidapita nacho ku seminale ya Kachebere. Kumeneko, m'nyumba ya mabuku, tidapeza magazini ina yakale ya ku America, ndipo m'menemo mudali nkhani ya misasa imene amakonzera ana oleredwa ndi makolo osawabereka. Ku maiko amenewo sukulu zimatsekera nthawi yaitali m'miyezi ya Juni, Julaye ndi Ogasiti, imene kwa iwo ndi yotentha pamene ife kuno tikuotha moto, ndipo ndi chizolowezi chao kutumiza ana ku misasa ya m'nkhalango kapena ya m'mbali mwa nyanja kuti akasewere, akasambire ndi kugona m'tinyumba ta matabwa. Kunena zoona, poyamba tidaseka. Tidati izi ndi za anthu okhuta. Koma tidawerengabe, ndipo tisanafike kumapeto tidaleka kuseka.

Nkhondo ya ku Korea ya 1950 mpaka 1953 idasiya ana ambiri opanda owasamala. Mu 1955 banja lina la ku Oregon, la Harry ndi Bertha Holt, lidatenga ana 8 a ku Korea, ndipo chaka chotsatira lidayambitsa bungwe lopezera ana otere mabanja ku America. Chiyambire nthawi imeneyo ana a ku Korea pafupifupi 200,000 adapita kukaleredwa ku maiko ena. Ambiri mwa iwo adakulira m'timatauni momwe nkhope ngati yao idali imodzi yokha m'kalasi monse, ngakhale m'nyumba momwe ankagona. M'zaka za m'ma 1980 bungwe la Holt lidayamba kuwasonkhanitsa pa tchuthi kwa masiku angapo, kuwaphikira zakudya za kwao, kuwaphunzitsa magule ndi mau pang'ono a chinenero cha makolo ao. Ku Colorado nako, kuyambira m'zaka za m'ma 1990, makolo ena adayambitsa misasa yofanana nayo kumene banja lonse limapitira pamodzi, ndipo pali msasa wa ana ochokera ku China, wa ochokera ku India, wa ochokera ku Africa ndi kwina.

Chimene chidatigwira mtima nchakuti patapita zaka a bungwe la Holt adazindikira kuti zakudya ndi magule sindizo zinkakoka anawo kubwerera chaka ndi chaka. Ankabwerera chifukwa kwa sabata imodzi yokha pa chaka sankafunika kufotokozera munthu aliyense kuti iwo ndani, pakuti aliyense pa msasapo, ndi owayang'anira omwe, adali woleredwa ndi ena. Pamenepo mwana ankatha kunena zimene sakadanena kunyumba poopa kupweteka makolo amene amamkonda. Tsono ana amenewo adakula, ndipo ambiri adabwerera ku Korea kukafuna kwao. Ena adakapeza kuti mapepala ao adali onama. Mu Malichi 2025 komiti imene boma la South Korea lidaika kuti ifufuze zolakwa zakale idanena poyera kuti ana ena adalembedwa kuti ndi otayidwa pamene makolo ao adali odziwika, ndi kuti maina ena adasinthidwa.

Mwina wina anena kuti nkhani za ku Korea ndi ku America zili kutali ndi ife. Sizili kutali kwenikweni. Mu 2006 atolankhani a maiko ambiri adadzaza mseu wa ku Mchinji, womwewu umene umadutsa pa Mpingu ndi pa Namitete, pamene woimba wa ku America, Madonna, adadzatenga mwana ku Home of Hope. Mu 2009 adatenganso wina, Bwalo Lalikulu la Milandu litayamba lakana ndipo bwalo la apilo nkudzaloleza, ndipo mu 2017 adatenga amapasa. Dziko lonse lidakangana, ena nkumati anawo apulumuka, ena nkumati tagulitsa mbumba, ndipo ambiri adadziwa nthawi imeneyo kuti tili ndi lamulo la 1949 lonena za kutenga mwana kudzera ku khoti. Komatu ana amene amachoka pa ndege ndi chikalata cha khoti ndi owerengeka. Ochuluka ndi amene amachoka m'mudzi uno kupita m'mudzi uwo tsiku lomwaza maliro, atanyamula zovala m'kajumbo, popanda pepala lililonse. Ife amene tidakula m'zaka za m'ma 1990, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa mwaulere mu 2004, tidaona maulendo otere pafupifupi mwezi uliwonse.

M'chinenero chathu mulibe ngakhale mau apadera otchulira kutenga mwana wa wina kuti akhale wako, pakuti mng'ono wa amayi ako ndi amayi ako ndithu, ndipo mwini mbumba alipo woti aone kumene mwana apite. Timanyadira zimenezi, ndipo nkoyenera kutero. Koma kunyada kumeneku kwatiphimba maso. Timaganiza kuti mwana akadya, akavala, akapita ku sukulu, nkhani yatha. Timaiwala kuti pakati pa ife Achewa kudziwa kumene udachokera si nkhani ya mumtima mokha. Munda wa mwana uli kuchikazi kwao. Nkhoswe ya ukwati wake ichokera kumeneko. Akadzamwalira anthu adzafunsa kumene akagone. Ndipo ife ansembe timadziwa kuwawa kwa kuimitsa ukwati umene walengezedwa kale kawiri m'tchalitchi, chifukwa gogo wina wabwera usiku kudzanong'ona kuti awiriwo ndi a bere limodzi.

Patapita zaka 7 chilankhulireni mau aja, tili pa tchuthi, tidagwada pamaso pa amayi kuwapempha kuti atilole tipite naye mnyamatayo kwao. Adakana, ndipo tchuthi chidatha asanatiyankhe bwino. Pa tchuthi chinacho, tsiku lina m'mawa, adatsegula sutikesi yao ya malata natulutsa kansalu komanga mfundo. M'katimo mudali kolona yoduka ndi khadi la ubatizo la malemu aja, lolembedwa parishi ya Nambuma ndi dzina la mudzi. Adampatsa mnyamatayo osanena kanthu. Kenaka, atapempha kwa amfumu, adamtenga pa dzanja ngati kamwana napita naye kumalire kwa manda, pa mtumbira umene umaonekera pa njira ya ku dimba, umene iye adaudutsa kosawerengeka atasenza ndowa.

Tidapalasa njinga ziwiri kudzera ku Kabudula, tidagona kwa katekisti wina, ndipo m'mawa mwake tidafunsira njira mpaka tidafika. Mayi wina wachikulire ankatongola mtedza pabwalo. Tisanamalize nkulonjera komwe adamyang'anitsitsa mnyamatayo pamphumi ndi pa mpata wa mano, adakankha nsengwa nayamba kulira maliro, akutchula dzina la mng'ono wake. Tidamva tsiku limenelo kuti atsibweni aja adamwalira patangopita masabata owerengeka atabwerako kwathu, ndi njala yomweyo, ndipo otsalawo adangoti mwananso sakadapulumuka. Mphekesera itawafika patapita zaka kuti ali moyo, manyazi adawagwira miyendo. Adati tikapita tsopano tikanena kuti tidali kuti? Adamuuza mfunda wa bambo ake, amene adapita kukagwira utenanti ku maesiteti a fodya ku Kasungu osabwerako. Adamuonetsa chigawo cha munda chimene amake ankalima. Adapha nkhuku, ndipo abale adabwera mpaka usiku kudzamgwira dzanja. Atamuumiriza kuti atsale, iye adati: "Ndidzabweranso, koma amayi akundidikira." Pa zaka 7 zonsezo aka kadali koyamba kumumva akutchula amayi ndi pakamwa ponse. Pobwerera tidawapeza atakhala pa chigayo cha pamseu ndi kathumba kopanda chimanga, ndipo mwini chigayo adatinong'oneza kuti limenelo lidali tsiku lachiwiri.

Titadzozedwa unsembe ndi kutumizidwa ku parishi ina ya kumadzulo kuno, maganizo a msasa uja adatibwereranso. Tidaona kuti si chinthu chachilendo monga tinkaganizira. A chipatala cha ana cha Baylor, pa Kamuzu Central ku Lilongwe, akhala akusonkhanitsa achinyamata amene ali ndi kachirombo ka HIV kuti adziwane ndi kulimbitsana mtima. Ndipo makolo athu omwe ankadziwa kuti pali nkhani zina zimene mwana sauzidwa ndi amake, nchifukwa chake padali tsimba ndi anamkungwi. Mwana amachoka pakhomo masiku angapo, akamva kwa anthu ena, nabwerera kwao.

Poyamba tidalakwitsa kwambiri. Tidalengeza pambuyo pa Misa kuti kudzakhala chigono cha ana amasiye. Pofika Lachiwiri maina adapitirira 200, pakuti anthu adazolowera kuti kumene kwatchulidwa ana amasiye kumabwera mabulangete ndi ufa. Tsiku lomwelo kudafika mayi wina pa ofesi, chitenje atamanga m'chiuno, nati: "Bambo, mwana wanga mwamutcha wamasiye pa guwa. Kodi ine ndidafa liti?" Mayiyo adalera mwana wa mlamu wake kuyambira ali wa miyezi 4. Tidasowa choyankha, ndipo Lamulungu lotsatira tidapepesa ndi kuimitsa zonse.

Chaka chotsatira tidayamba mwa njira ina, kudzera m'miphakati. Miphakati imeneyi, imene dayosizi yathu idalandira kuchokera ku sinodi ya Ambuye Patrick Kalilombe ya 1973 mpaka 1975, ili ndi ubwino umodzi umene ofesi ya parishi ilibe, ndiwo wakuti akuluakulu ake amadziwa nyumba iliyonse ndi chinsinsi chake. Iwo ndiwo adayenda khomo ndi khomo mwakachetechete. Tidagwirizana kuti abwere ana a zaka 12 mpaka 17 okha amene ankadziwa kale kuti akuleredwa ndi ena, pakuti sitidafune kuti wina adzamvere kwa ife monga mng'ono wathu adamvera. Womlera aliyense adayenera kuvomera yekha. Tidauza amfumu ndi a ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha ana. Tidati sipadzakhala mphatso, kapena malaya olembedwa mau kumsana, kapena kujambula zithunzi. Atsikana adzagona ndi amayi, anyamata ndi abambo awiriawiri, ndipo oyang'anira onse akhale anthu amene nawonso adaleredwa ndi ena. Anthu otere sadavute kuwapeza. Ena mwa iwo tidakhala nao m'khonsolo ya parishi zaka zingapo osadziwa.

Mu Ogasiti 2023 adabwera ana 23, aliyense ndi mphasa yake, mbale ndi kapu. Adagona m'makalasi a sukulu. Miphakati idasonkha ufa, nyemba, nsinjiro ndi mbatata, ndipo amayi adaphikira pa mafuwa kuseri kwa holo. Tsiku loyamba tidawalankhula ola lathunthu za Mose, amene adaleredwa m'nyumba ya Farao koma atakula adatuluka kukaona abale ake. Tidakonzekera bwino ndithu, ndi mitu itatu monga adatiphunzitsira ku seminale. Anawo adangoyang'ana zala za kumapazi. Masana anyamata adamenya mpira, atsikana adasewera fulaye, ndipo tidayamba kuganiza kuti tavutitsa anthu pachabe.

Usiku tidakoleza moto pabwalo nkukwiriramo mbatata. Mng'ono wathu uja, amene adaphunzira ukalipentala ku Namitete ndipo adabwera kudzatithandiza, adayamba kufotokoza za moyo wake popanda womupempha. Adanena za njala, za mtumbira wa kumalire, ndipo adanenanso za njinga ndi mau aja, ife tili pomwepo. Ana onse adatembenuka kutiyang'ana. Sitikumbuka kuti tidachitapo manyazi otere chiyambire. Mnyamata wina wamng'ono adaseka nati: "Ndiye kuti ndi Abambo omwe amatero?" Onse adaseka, ndipo kuseka kutatha adayamba kulankhula, wina pambuyo pa mnzake, mpaka mbatata zina zidapserera. Wina adati amadana ndi tsiku limene alendo amabwera, chifukwa pomulozera amati "uyu ndi uja tidakuuzani". Wina adati sadziwa nkhope ya amake, ndipo amayang'ana amayi pa msika wa Nsaru nkumasankha amene angafanane nao. Wina adati amamkonda kwambiri malume ake koma amaopa kudwala, chifukwa ndalama ya ku chipatala imayambitsa mkangano m'nyumba.

Moto utatsala makala, mtsikana wina wa zaka 14 amene sadalankhule tsiku lonse adati: "Bambo, ndikamawafuna amayi anga ondibereka, kodi ndikuwachimwira amayi amene akundisunga? Ndakhala ndikulapa chimenechi, koma chimabweranso." Abale athu, tidaphunzira zaka zambiri za chikumbumtima ndi za machimo, koma sitidaganizepo kuti mwana angamagwade m'kalapidwe kulapa kuti wasowa amake. Tili mkati mosakasaka mau, gogo wina mwa ophika aja, amene tinkayesa akuodzera, adayankha. Adati: "Mwana wanga, ine ndidaleredwa ndi akazi a atsibweni anga. Ndidawasamala mpaka ndidawatseka maso ndi manja angawa, ndipo ndidalira mpaka mau kutha. Koma ndi imvi zonsezi ndimawalotabe amayi anga akubwera kuchokera ku chitsime. Sindidalapepo zimenezo. Ukalape zina." Ife tidangoonjeza kuti agogo anena zoona, ndi kuti pamenepo palibe tchimo.

M'mawa mwake mnyamata wina adafunsa ngati dzina la amake lidalembedwa penapake. Tidawatengera ku ofesi mmodzimmodzi amene adabatizidwa pa parishi pathu, ndi kuwatsegulira buku la ubatizo. Inu mumalidziwa buku limeneli ngati chinthu chimene chimakuchedwetsani pofuna ukwati. Tsiku limenelo ife tidaliona mwatsopano. Muli dzina la mwana, tsiku lobadwa, dzina la bambo, dzina la mayi, mudzi, ndi dzina la womuimira, zolembedwa ndi dzanja la wansembe amene mwina adapita kale. Ana ena adaika chala pa dzina la amao nakhala chete nthawi yaitali. Wina adapempha pepala kuti akopere. Mtsikana wina adapeza kuti amene adamuimira pa ubatizo ndi mayi wogulitsa mandasi pa geti la sukulu, ndipo madzulo ake tidawaona awiriwo atakhala pansi pa mtengo wa mango, mayiyo akulongosola ndi manja kutalika kwa malemu mnzake. Pa buku la mnyamata mmodzi malo a dzina la bambo adali opanda kanthu. Adayang'ana, natseka bukulo yekha, nabwerera ku mpira. Kwa makatekisti ndi alembi a m'maparishi tingopempha kuti polemba m'buku limeneli asafulumire, ndipo asalole kusintha dzina la mayi chifukwa wina wawapempha mwaulemu.

Sitikufuna kuti muganize kuti zonse zidali zokoma. Pa ana 23 aja, awiri adatiuza zinthu zimene sizikadatha ndi kucheza pa moto. Wina ankaweta mbuzi ndi kusoka fodya pamene ana a m'nyumbamo ali ku sukulu. Wina adatengedwa ndi lonjezo la maphunziro, koma adasanduka wantchito wosalipidwa. Nkhani zimenezi tidapita nazo kwa akuluakulu a mphakati ndi ku ofesi ya boma ija, ndipo imodzi idakonzeka, inayo idakali kutivuta. Palinso mnyamata amene atabwerera kwao adafunsa za bambo ake pa nthawi ya chakudya, nalandira mbama. Womlerayo adaleka kubwera ku tchalitchi, ndipo tikakumana pa njira amayang'ana kumbali. Mnyamatayo tidamtsegula pakamwa ndife, koma mbama adalandira yekha, ndipo mtima wathu sunakhazikike pa nkhani imeneyi mpaka lero.

Tsiku lachitatu lidali la olera anawo. Tidawakhazika paokha m'holo, ana ali ku mpira, ndipo tidaona kuti nawonso sadakhalepo ndi malo onenera zao. Gogo wina adawerenga pa zala adzukulu 5 amene akuwasunga ndi munda wa ekala imodzi. Mayi wina adati amaopa kumlanga mwana womlera monga amalangira ake, chifukwa anthu adzati ndi nkhanza, ndipo akapanda kumlanga adzati akumlekerera. Bambo wina, mwini mbumba wa zaka zake, adaimirira nati: "Bambo, inu simudalerepo mwana. Kamba amanyera amene wamtola. Mukawauza za kwao, mawa adzatitukwana nkumapita." Ambiri adavomereza ndi mitu, ndipo pa mbali yoyambayo adanena zoona.

Amayi athu adabwera tsiku limenelo pa kabaza kuchokera kumudzi, ati kudzaona ngati ana ao akudya. Iwo ndiwo adamuyankha bamboyo, atakhala pansi, osakweza mau. Adati: "Achimwene, ine ndidabisa zaka 7. Adaulula ndi uyu mukumutcha Bamboyu, ndipo adaulula moipa. Ndidatsekanso pakamwa zaka zina 7, mwana ali m'nyumba mwanga ngati mlendo. Tsiku limene ndidampatsa khadi la amake sindidadye, ndidati wapita. Adabwerako ndi nkhuku ndi thumba la mtedza. Ndikadadziwa ndikadamuuza ndekha ali wamng'ono, pang'onopang'ono, pomusambitsa, asanamve kwa wolusa kapena kwa woledzera." Bambo uja sadayankhe. Potuluka adatifunsa ngati buku la ubatizo la 2010 lili pafupi.

Chigono chija tidachichitanso chaka chotsatira, ndipo ana ena aja adabwera ndi anzao. Mng'ono wathu amapita cha ku Nambuma kawiri pa chaka, nthawi yobzala ndi nthawi yokolola, pakuti chigawo chija cha munda adampatsa. Pa 2 Novembala, tsiku lokumbukira omwalira, iye ndi amayi athu amalambula mtumbira wa kumalire uja, ndipo mayi ake aakulu a ku Nambuma amabwera pa njinga ya mdzukulu wao kudzakhala nao. Tsopano wapeza mbeta ya ku Mpingu. Pa kaundula wa ukwati tidalemba maina a makolo monga momwe alili m'buku la ubatizo, koma nkhoswe zichokera mbali zonse ziwiri, ndipo pamene tikulemba pano amayi awiriwo sanagwirizanebe za amene adzaphike thobwa.